Chiyankhulo cha kumudzi ndiye mpamba wa mlembi

Mwana akasankhidwa kupita kusukulu yaukachenjede, makolo ambiri amayembekeza kumva za udokotala, zamalamulo kapena zowerengera ndalama. Akamva kuti mwanayo akufuna kuphunzira luso lolemba nthano ndi ndakatulo, nkhope zimagwa. Funso limakhala lakuti: angapikisane bwanji ndi anzake omwe adayamwira Chingerezi, pomwe iye adakumana nacho koyamba m'kalasi?

Nkhawayi njomveka. M'dziko muno Chingerezi ndi chipata, ndipo wolephera phunziroli salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena onse.

Maphunziro a luso lolemba adatchuka ku America, komwe yunivesite ya Iowa idawakhazikitsa mu 1936. Ku Britain, yunivesite ya East Anglia idayamba digiri yotere mu 1970. Kaphunziridwe kake n'kosiyana ndi ka maphunziro ena. Wophunzira amalemba nthano yake, anzake n'kuiwerenga, kenako onse amakumana ndi kuisanthula pamaso pa mphunzitsi. Nthawi zambiri mwininthano amakhala chete mpaka anzake atatha kuyankhula.

Apa mpamene wophunzira yemwe Chingerezi si chiyankhulo chake amayesedwa. Mawu amene wawatenga m'kamwa mwa agogo ake, anzake akhoza kuwayesa cholakwika choyenera kukonza. Akagonjera dzudzulo lililonse, amatsala ndi Chingerezi chosalala koma chopanda mchere.

Mbiri ya alembi a dziko lino ikuonetsa njira ina. Mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College adayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Pa nthawiyo sukuluyi idali ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, isadasamukire ku Zomba mu 1973. Gululi silinkapereka digiri, koma linkagwira ntchito yofanana ndi ya ku Iowa: kukumana sabata ndi sabata, kuwerengerana zolemba ndi kudzudzulana. Mmenemu mudadutsa alakatuli monga Jack Mapanje, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande, ndipo mu 1971 mudatuluka kabuku ka ndakatulo kotchedwa Mau.

Idali nthawi yovuta. Lamulo la mu 1968 lidapereka mphamvu ku bungwe la boma zounika ndi kuletsa mabuku. Alembiwa ankalemba m'Chingerezi, koma chida chawo chidachokera kumudzi: nthano, miyambi, zilapi ndi kuphiphiritsa. Wamkulu sauzidwa maso ndi maso kuti walakwa, amangomuimbira nyimbo ya nyama zam'tchire. Luso limeneli adalisamutsira m'Chingerezi.

Malemu Steve Chimombo, yemwe adaphunzitsa pasukuluyi kwa zaka zambiri, adatenga Napolo, chinjoka chomwe anthu amakhulupirira kuti chimagumula mapiri monga zidachitikira ku Zomba mu 1946, n'kumusandutsa phata la ndakatulo zake. Buku lake la Napolo Poems lidatuluka mu 1987.

Mapanje, wobadwira ku Mangochi mu 1944, adatsamira pa bilimankhwe, nyama yosintha maonekedwe yomwe imadziwika bwino m'nthano zathu. Buku lake la Of Chameleons and Gods lidasindikizidwa ku London mu 1981. Koma kuphiphiritsa sikudamuteteze mpaka kalekale. Mu 1987, ali mkulu wa nthambi ya Chingerezi ku Chancellor College, adamangidwa n'kutsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka mu 1991. Atatuluka adapita ku Britain, komwe pambuyo pake adaphunzitsa luso lolemba ku yunivesite ya Newcastle. Mwana wa kunyanja adakhala mphunzitsi wa eni ake Chingerezi.

Chitsanzo cha posachedwapa chikuchokera ku Zimbabwe. NoViolet Bulawayo, yemwe adabadwira ku Tsholotsho mu 1981 ndipo chiyankhulo chake ndi Chindebele, adamaliza digiri ya luso lolemba ku yunivesite ya Cornell ku America mu 2010. Chaka chotsatira adapambana mphotho ya Caine. Buku lake loyamba, We Need New Names, lidafika m'ndime yomaliza ya mphotho ya Booker mu 2013, ndipo lachiwiri, Glory, lidachitanso chimodzimodzi mu 2022.

M'buku loyambalo muli ana a mayina ngati Darling ndi Godknows. Mzungu akhoza kudabwa nawo, koma kwa munthu wokhala ndi mnansi wotchedwa Mavuto kapena Tiyamike, palibe chachilendo. Bulawayo sadawafafanize kuti akondweretse aphunzitsi. Buku lachiwirilo likukamba za ndale za dziko lake kudzera mwa nyama, monga amachitira anthu pothira nthano madzulo.

Kalasi ya payunivesite imaphunzitsa kamangidwe ka nkhani, kudula mawu osafunika ndi kupirira podzudzulidwa. Galamala nayo njofunika, ndipo mlembi waulesi sangabisale kumbuyo kwa chiyankhulo chake. Koma zimene zidawatchukitsa alembiwa adapita nazo kusukulu kuchokera kwawo.

Choncho mwana amene akumvetsera nthano za agogo kapena kutchera khutu ku macheza a pamsika sakutaya nthawi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.