Kaundula wa m'thumba: zomwe Tanzania ikutiphunzitsa posankha chipangizo chotsika mtengo

Munthu amene wafika koyamba ku Kariakoo, dera la malonda lomwe lili pakati pa mzinda wa Dar es Salaam, sachedwa kuzunguzika mutu. M'misewu ya Msimbazi, Uhuru ndi Aggrey masitolo a mafoni angoti mbwee, ndipo wogulitsa aliyense amalumbira kuti katundu wake ndiye weniweni. Amalonda ambiri a ku Malawi amene amadutsa pa chipata cha Songwe amapikula konkuno, choncho foni yomwe mlembi wa kalabu ya alimi angagule ku Karonga kapena ku Mzuzu mwina idagonapo m'sitolo ya ku Kariakoo.

Kwa mlangizi wa zaumoyo, mlangizi wa zaulimi kapena msungichuma wa banki m'khonde, chipangizo chotere si chodzionetsera. Mumakhala maina a ana oyenera kupita ku sikelo, masiku a katemera, ngongole za mamembala ndi tsiku lothira feteleza wobereketsa. Chikafa kapena kusowa, nthawi zina umboni wa ndalama za gulu lonse umapita nacho limodzi. Nanga munthu wa ndalama zochepa asankhe bwanji?

Phunziro la ku Lindi ndi Mtwara

Funso limeneli si lachilendo m'dziko la Tanzania. Mafoni amakono asanafale, kudali tizipangizo ta m'manja totchedwa PDA, tomwe timasunga maina, kalendala ndi zolemba, ndipo munthu ankalemba pagalasi pake ndi kamtengo konga cholembera. Kampani ya Palm ya ku America idatulutsa koyamba kachipangizo kake ka Pilot mu 1996, ndipo mu 2002 idabweretsa kena kotchedwa Zire pa mtengo wa madola 99 pofuna kukopa anthu wamba.

Mu Julaye ndi Ogasiti 2004, akatswiri a bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Ifakara pamodzi ndi anzawo adayesa tizipangizoti m'midzi ya zigawo za Lindi ndi Mtwara, kumwera kwa dzikolo. Adaphunzitsa anthu 120 kwa milungu iwiri. Ambiri mwa iwo sadapitirire folomu 4, ndipo ndi ochepa okha amene adakhudzapo kompyuta. Pogwiritsa ntchito Palm m130, magulu 13 adayendera mabanja 21,600 momwe mudali anthu 83,346 m'milungu isanu ndi iwiri. Ntchito idatha pa 26 Ogasiti, ndipo pa 28 Ogasiti akuluakulu a maboma adali atamva kale zotsatira zoyamba. Ikadakhala ya papepala, pakadafunika nthawi yaitali kuti makalaliki alowetse zonse mu kompyuta kawiri n'kumafananitsa.

Chofunika kudziwa n'chakuti Palm m130 sidali yapamwamba ayi. Malo ake osungira zinthu adali mamegabaiti 8 okha, omwe lero angadzaze ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu za pa foni. Komanso tizipangizo ta nthawi imeneyo tinkaiwala zonse batire ikatheratu. Podziwa zimenezi, ochita kafukufukuwo ankatchaja ndi sola komanso m'galimoto, ndipo zolemba ankazisunga patatu: pa kakhadi ka m'kati mwa chipangizo, pa laputopu madzulo alionse, ndi pa CD. Palibe chomwe chidatayika. Chidapulumutsa ntchitoyi ndi dongosolo la moto ndi kasungidwe.

Kwathu kuno nako kuli chitsanzo. Mu 2008 chipatala cha St Gabriel ku Namitete chidalandira mafoni akale okwana 100 ndi laputopu imodzi yokhala ndi pulogalamu ya FrontlineSMS. Anthu ongodzipereka a m'midzi adayamba kutumiza uthenga wa odwala mmalo moyenda mitunda italiitali, ndipo m'miyezi isanu ndi umodzi chiwerengero cha odwala TB omwe chipatalacho chimatha kuwasamalira chidawirikiza kawiri. Mafoni ake adali a mabatani wamba.

Yambani ndi ntchito

Lero PDA idasowa pa msika. Kampani ya HP idagula Palm mu 2010, ndipo chaka chotsatira idasiya kupanga zipangizozo. Ntchito yake idalowa m'mafoni. Wina akakutsatsani PDA yakale pa mtengo wozizira, ikaneni, pakuti batire ndi mapulogalamu ake simudzazipeza.

Musanatulutse ndalama, lembani papepala ntchito zitatu zomwe mukufuna kuti chipangizocho chizigwira. Ngati ndi kuimba, kulandira uthenga, kutumiza ndalama, kuwerengetsa masamu ndi kukukumbutsani tsiku la msonkhano, foni ya mabatani ikukwanirani, ndipo batire yake imatha masiku angapo. Koma ngati bungwe lanu limafuna kuti muzidzaza mafomu pa mapulogalamu monga ODK, KoboCollect kapena CommCare, kapena kujambula mbewu zogwidwa ndi mbozi, mufunika foni ya Android. Funsani kaye ku ofesi kuti pulogalamuyo imagwira pa Android ya mtundu uti. Paja safunsa adadya phula.

Chachiwiri ndi moto. Dzifunseni kuti mudzatchaja kuti ndipo kangati pa mlungu. Foni ya galasi lalikulu imadya moto kwambiri, choncho ngati kwanu kulibe magetsi, mtengo wa kasola kapena wa kotchajitsa pa msika muuwerengere pamodzi ndi mtengo wa foniyo. Onaninso ngati zolembedwa pagalasi zikuwerengeka padzuwa, chifukwa ntchito ya mlangizi imagwiridwa pabwalo ndi m'munda.

Chachitatu ndi kukonzetsa. Sankhani mtundu womwe amisiri a pa msika wa kwanu amaudziwa ndipo galasi ndi batire zake zimapezeka. Foni yachilendo ingakhale yokongola bwanji, ikasweka imasanduka chidole cha ana.

Chenjerani ndi zachinyengo

Mu Juni 2016 bungwe la TCRA, lomwe limayang'anira za mauthenga ku Tanzania, lidazimitsa mafoni achinyengo pa netiweki za dzikolo. Anthu ambiri omwe adagula motchipa adadzuka m'mawa mafoni awo ali zii. Foni iliyonse yeniyeni ili ndi nambala yake ya manambala 15 yotchedwa IMEI. Mukadina *#06# imaoneka pagalasi, ndipo iyenera kufanana ndi yomwe yalembedwa pa bokosi. Zikasiyana, bwezani katunduyo pomwepo.

Yesani foniyo muli m'sitolo momwemo: ikani khadi lanu, imbani, ilumikizeni ku moto, ndipo tsegulani pomwe pamaonetsa kukula kwa malo osungira zinthu kuti muone ngati kukugwirizana ndi zomwe wogulitsa wanena. Itanitsani lisiti yokhala ndi dzina la sitolo ndi nambala ya IMEI. Foni yogwiritsidwapo kale ntchito yopanda lisiti ikhoza kukhala yakuba, ndipo apolisi akailondola amagwira amene ali nayo m'manja. Ngati mukutuma wamalonda wopita ku Dar es Salaam, mulembereni dzina ndi mtundu wake weniweni, ndipo mugwirizane chochita katundu akafika wosagwira ntchito.

Walira mvula walira matope

Mtengo wa m'sitolo ndi chiyambi chabe. Pali mayunitsi, bandulo ya intaneti, chikuto chotetezera galasi ndi kutchaja. Gulu lomwe lasonkherana kugula foni liyenera kulemba m'malamulo ake kuti woisunga ndani, wolipira ikawonongeka ndani, ndipo idzaperekedwa bwanji kwa mlembi watsopano. Muike nambala yachinsinsi, makamaka ngati muli maina a odwala, popeza matenda a munthu si nkhani ya m'mudzi wonse.

Pomaliza, musataye kope. Ofufuza a ku Lindi ndi Mtwara adali ndi magalimoto ndi malaputopu, komabe sadakhulupirire malo amodzi. Msungichuma amene pakutha pa msonkhano uliwonse amakopera masheya ndi ngongole m'kope la chikuto cholimba, mamembala awiri n'kusainira, sangasowe chonena tsiku logawana ndalama, ngakhale foni itagwera m'chitsime.