Lumo la agogo silifuna girayinda

M'masutikesi akale m'midzi yathu ino ya ku Mikolongwe muli zinthu zomwe achinyamatafe timangoti ndi zitsulo zotha ntchito. Chimodzi mwa izo ndi lumo lopinda lometera ndevu, lija limalowa m'chogwirira chake ngati mpeni wam'thumba. Malumo otere anayamba kusowa malo pamene malezala ongotaya akabuntha, omwe King C. Gillette analembetsa ku America mu 1904, anafalikira. Komatu lezala ndi la masiku ochepa, pamene lumo labwino limameta bambo, mwana ndi mdzukulu.

Lakwathu linabwera ndi malemu agogo aamuna pochokera ku migodi ya ku Joni, pa Theba. Pachitsulo chake panalembedwa kuti Sheffield, mzinda wa ku England wotchuka ndi mipeni. Nditalitulutsa lili psuu ndi dzimbiri, msuweni wanga anati, "Aise, pita nalo kwa owotcherera aliike pa girayinda, mphindi ziwiri basi." Ndinakana. Mbali yakuthwa ya lumo ndi yopyapyala zedi, ndiye makina akaitenthetsa mpaka kuoneka yabuluu, chitsulocho chimafewa ndipo sichisunganso ukuthwa. Zikatero mwataya chinthu chomwe mwini wake sadzabweranso kudzakugulirani china.

Ntchitoyi ndi yamanja. Choyamba ndinaliyang'anitsitsa padzuwa, chifukwa lumo losweka kapena lodyeka ndi dzimbiri kokuthwako ndi longosunga, osati lometera. Kenako ndinadontheza oyilo wa makina osokera n'kuyamba kukwecha ndi sandipepa wa nambala 400, ndiye 800, 1200, mpaka 2000. Nambala ikamakwera sandipepa amasalala, ndipo aliyense amafufuta mikwingwirima ya mnzake. Ndinaligoneka pathabwa kuti zala zikhale kutali ndi kokuthwa. Madzulo atatu anathera pamenepo. Timadontho takuya ndinatisiya, poti kutithamangitsa n'kudya chitsulo chabwinobwino.

Chogwirira chinali chong'aluka. Zambiri zakale ndi za nyanga, zina za pulasitiki wamakedzana wotchedwa celluloid, yemwe akayamba kuola amatulutsa mpweya wochititsa dzimbiri. Kalipentala wina anandichekera timatabwa tiwiri ta mlombwa, tinatimangirira ndi timisomali ta mkuwa.

Ponola m'pamene ambiri amaonongera. Nolo wa zikwanje ndi wokhakhala kwambiri. Pamafunika mwala wosalala. Lumo silinoledwa moimika ngati mpeni wakukhitchini. Mumaligoneka lonse, msana ndi kokuthwa zikhudze mwala pamodzi, n'kumalikankha mopepuka kokuthwa kuli patsogolo. Pomaliza mumalipititsa pa lamba wachikopa wokoka bwino, apa tsopano msana ndi umene umatsogola. Likayamba kudula ubweya wa pamkono osakanikiza, ndiye kuti latheka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinthu chimodzi chokha tisatengere akale, omwe pometa maliro ankatha kugwiritsa ntchito lumo limodzi mudzi wonse. Kachilombo ka Hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Lumo likhale la munthu mmodzi. Mukameta litsukeni, lipukuteni ndi spiriti, liume, mulipake kaoyilo, makamaka nyengo ya chiperoni pamene chinyontho sichichedwa kubweza dzimbiri. Ndipo liikeni pamwamba, pomwe ana sangafike.