Tisangosirira chipale cha ku Joni, tijambule chiperoni chathu

Pa 10 July 2023 chipale chofewa chidagwa mumzinda wa Johannesburg, koyamba kuchokera mu 2012. Tsiku limenelo mafoni a m'midzi yathu adadzaza ndi zithunzi zochokera kwa abale amene ali ku Joni: madenga oyera mbuu, galimoto zokutidwa, anthu atavala zijasi akusekerera panja. Ophunzira ambiri kuno ku Chiradzulu adayamba kufunsa chifukwa chimene chipale sichigwera kwathu, pomwe nafenso timanjenjemera mu June ndi July.

Funsoli ndi labwino. Mzinda wa Johannesburg uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja yamchere, kutalika kofanana ndi nsonga ya phiri la Chiradzulu. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tili pafupi ndi mzere wa Equator, kotero mphepo yozizira kwambiri yochokera kum'mwera imafika kuno itafooka kale. Pamwamba pa phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, madzi amatha kuuma usiku, koma kuno kumidzi chimene timalandira ndi chiperoni.

Dzinali lidachokera ku phiri la Chiperone la m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Mphepo ya chinyezi yochokera kunyanja ya Indian Ocean ikamakwera mapiri a kuno kum'mwera imazizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula ya mawawa imene imatha kukhala masiku angapo. Ambiri timangoiona ngati nyengo ya chimfine ndi zovala zosauma. Koma amene ali ndi foni yojambula adziwe kuti imeneyi ndiyo nyengo imene boma lathu limaoneka mwa mtundu wina, ndipo ndi ochepa amene amalijambula.

Ulendo wake sufuna ndalama zambiri. Mukhoza kukwera minibasi ku Limbe m'mamawa, kutsata msewu wa Zomba kudzera pa Njuli, Mbulumbuzi mpaka Namadzi. Phiri la Chiradzulu limakhala likubisala ndi kutulukira m'nkhungu, nthawi zina n'kungoonekera nsonga yokha ngati chilumba. Tsiku lina tengani msewu wa Midima, mutsike pokhotera ku Nguludi, mupeze kabaza wokufikitsani ku Mbombwe. M'njiramo muli minda ya nandolo yobiriwira pakati pa mapesi ouma, amayi ogulitsa mbatata yootcha, utsi wa m'makhitchini wosakanikirana ndi nkhungu, ndi ana opita kusukulu manja ali m'khwapa.

Nkhungu imapusitsa kamera monga momwe chipale chimachitira. Kamera ikaona zoyera zambiri imaganiza kuti kwawala mopitirira, ndiye imachepetsa kuwala, chithunzi n'kutuluka chotuwa ngati phulusa. Mankhwala ake ndi osavuta: gwirani pagalasi la foni pamalo amene mukufuna aoneke bwino, kenaka kwezani pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatuluka pambali. Musayatse fulashi, chifukwa kuwala kwake kumagunda timadontho ta m'mphepo n'kuphimba zonse.

Chachiwiri, chithunzi cha nkhungu yokhayokha sichinena kanthu. Pafunika chinthu chakuda kapena chowala mtundu chimene chili pafupi: mtengo wa mango, nkhokwe, njinga yonyamula nzimbe, chitenje chofiira. Diso likagwira chimenecho, mitengo ya kumbuyo imaoneka ikuzimirira pang'onopang'ono ndipo woona amamva kutalika kwa malowo. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa likamayesa kuboola mitambo. Nyamulani kansalu kouma kopukutira galasi la kamera, ndipo foni muziisunga m'thumba la mkati chifukwa batire limatha msanga kukazizira.

Pali zinanso ziwiri zosayenera kuiwala. Nkhungu ikachuluka madalaivala saona patali, choncho musaime pa tala kapena pokhota msewu pofuna chithunzi. Komanso munthu si phiri. Agogo amene akuotha moto pakhonde apatseni moni, muwapemphe, ndipo akakana muwalemekeze. Mwana wovala malaya ong'ambika m'chisanu si chokongoletsera tsamba lanu la Facebook.

Wina anganene kuti zonsezi ndi masewera a anthu okhuta. Ine ndikuona mosiyana, ndipo umboni uli konkuno kwathu. Mu 1914 munthu wina adajambula M'busa John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, Chilembwe atavala chipewa pamaso pa mzungu, chinthu chimene atsamunda sankachilola. Nkhondo ya January 1915 itatha, boma la atsamunda lidagumula tchalitchicho, koma chithunzi chidatsala. Patatha zaka zoposa 100, Mmalawi waluso Samson Kambalu adachigwiritsa ntchito popanga chiboliboli chimene chidaimikidwa pabwalo la Trafalgar Square ku London mu September 2022. Wojambulayo sakadadziwa kumene ntchito yake idzafike.

Chitsanzo china n'chowawa. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, matope ndi miyala zochokera m'mapiri zidakokolola nyumba, minda ndi anthu m'boma lino. Lero mwana akafunsa momwe mudzi wa makolo ake unkaonekera, mabanja ambiri alibe choti amuonetse. Zithunzi zimene zidafalikira ndi za chionongeko, zojambulidwa ndi alendo. Za masiku a mtendere, mitengo ili chiimire ndi njira zili m'malo mwake, n'zosowa. Mapiri athu nawonso akumetedwa chaka ndi chaka chifukwa cha makala ndi nkhuni zootchera njerwa. Chithunzi cha phiri limodzi, chojambulidwa pamalo amodzi July aliyense, chikhoza kuuza mfumu ndi komiti ya zachilengedwe zoona zimene mkangano wa pamsonkhano sungathe kuzitsimikiza.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi achinyamata ndi ili: chiperoni cha chaka chino chikabwera, tulukani nacho. Jambulani phiri, dambo, msika ndi sukulu yanu. Lembani tsiku ndi dzina la malo, chifukwa chithunzi chopanda zimenezi chimataya theka la phindu lake. Foni imabedwa, imagweranso m'madzi, ndiye zithunzi ziwiri kapena zitatu zabwino kazitsukitseni, zina mupereke ku laibulale ya sukulu. Ndipo abale a ku Joni akadzatumizanso chipale chawo, inu mudzawabwezere phiri la Chiradzulu litavala nkhungu. Ambiri a iwo ndilo akulisowa.