Musanagule graphics card, yambani mwatsegula kompyuta yanu

Funso limene achinyamata amandifunsa kawirikawiri pa ntchito yanga yokonza makompyuta ndi lakuti, "Bwana, ndili ndi ndalama zakutizakuti, ndigule graphics card iti?" Ambiri amachoka atakwinya nkhope chifukwa sindithamangira kutchula dzina la khadi. Ndimayamba ndawafunsa zinthu zinayi: mumasewera magemu ati, sikirini yanu ndi yotani, power supply ya m'kompyutamo ili ndi mphamvu zochuluka bwanji, nanga purosesa yake ndi iti? Munthu akayankha mafunso anayiwa, makhadi ambirimbiri amene amamusokoneza mutu aja amatsala awiri kapena atatu, ndipo nthawi zambiri amakhala otsika mtengo kuposa limene analikhumbira.

Tiyambe ndi ntchito ya khadilo. Chithunzi chimene mumaona pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho 1,920 chopingasa ndi 1,080 chotsika, kutanthauza timadontho toposa 2 miliyoni. Kuti wosewera mpira m'gemu azithamanga mosadukiza, khadi liyenera kujambula chithunzi chonsecho ka 60 pa sekondi imodzi. Sikirini ya 4K ili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa pamenepo, choncho imafuna khadi lamphamvu kwambiri. Apa ndi pamene ndalama zanu zimayambira kupulumuka. Masikirini ambiri amene tili nawo m'nyumba ndi ochokera m'maofesi, a 1080p kapena ocheperapo, ndipo amaonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi. Khadi lotha kujambula zithunzi 200 mukalilumikiza ku sikirini yotere, zambiri mwa zithunzi zimene mwalipirazo maso anu sadzaziona.

Magemu nawo amasiyana njala. eFootball, Valorant, Fortnite ndi GTA V, imene inafika pa kompyuta mu 2015, amayenda bwino pa khadi lapakatikati. EA Sports FC, imene tinkaidziwa kuti FIFA mpaka 2023, imafunako mphamvu koma siyofuna khadi la mtengo wa galimoto. Magemu ena atsopano ndi okhwima. Indiana Jones and the Great Circle ya mu 2024 ndi Doom: The Dark Ages ya mu 2025 amafuna khadi lokhala ndi ray tracing, njira yowerengera mmene kuwala kumagwera pa zinthu. Khadi lopanda zimenezi, monga GTX 1660 Super kapena RX 580, siliwayendetsa ngakhale mutatsitsa zonse. Gemu iliyonse ili ndi mndandanda wa zimene imafuna pa tsamba limene imagulitsidwira. Werengani mbali ya zimene eni ake amalimbikitsa, chifukwa mbali ya zochepetsetsa imangotanthauza kuti gemuyo itseguka.

Tsopano mayina, amene ndi msampha woyamba. Pa makhadi a NVIDIA a manambala anayi, manambala awiri oyamba amanena m'badwo, awiri omaliza amanena msinkhu wa khadilo m'badwo umenewo. RTX 3060 ndi ya m'badwo wa 30, msinkhu wa 60. Ndiye nambala yaikulu siitanthauza liwiro nthawi zonse: RTX 2070 ya mu 2018 imaposa RTX 3050 ya mu 2022, chifukwa 70 ndi msinkhu wapamwamba kuposa 50.

Msampha wachiwiri ndi ma GB. Ogulitsa amadziwa kuti wogula akamva "4GB" mtima umagwa m'malo. Koma ma GB aja ndi malo amene khadi limasungiramo zithunzi zimene likugwiritsa ntchito, ndipo liwiro limachokera ku chipu chimene chili pansi pa fani. GT 730 ya 4GB imasiyidwa kutali ndi GTX 1050 ya 2GB. Ma GB amayamba kuwerengedwa chipu chikakhala kale champhamvu. Pa magemu a masiku ano, 4GB yayamba kuthina, 6GB ndi yongokwanira, ndipo 8GB ndi pamene munthu amapumira pa 1080p.

Palinso makhadi a dzina limodzi koma mkati mosiyana. GTX 1060 ya 3GB ili ndi timagawo towerengera 1,152 pamene ya 6GB ili ndi 1,280. GT 1030 ilipo ya GDDR5 ndi ya DDR4, ndipo ya DDR4 ndi yochedwa kwambiri. RTX 3060 ya 8GB ndi yofooka poyerekeza ndi ya 12GB. Ma RX 580 otchipa amene adzaza m'masitolo a pa intaneti a ku China nthawi zambiri amakhala a mtundu wa 2048SP, umene mphamvu zake ndi za RX 570. Mukamafunsa mtengo, funsani dzina lonse mpaka chilembo chomaliza.

Zikatere, tengani sikuludilaiva, zimitsani kompyuta, zulani pulagi ku khoma ndipo tsegulani chivundikiro cha m'mbali. Pakona pali kabokosi kachitsulo kamene mawaya onse amachokerako. Imeneyo ndiyo power supply, ndipo pambali pake pali chipepala chomata cholembedwa mphamvu zake. Pa makompyuta ambiri amene amafika kuno atagwirapo ntchito m'maofesi a ku UK, monga Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi Lenovo ThinkCentre aang'onoang'ono aja, mupeza palembedwa 180W, 200W kapena 240W. Kenako yang'anani pakati pa mawaya ngati pali pulagi yakuda ya mabowo 6 kapena 8 imene ikungolendewera. M'makina a muofesi kawirikawiri mulibe.

Nkhani yake ndi iyi. Kampata ka pa motherboard kamene khadi limalowamo kamapereka magetsi osapitirira 75W. Khadi lofuna zoposa pamenepo limadalira waya wapadera: wa mabowo 6 umawonjezera 75W, wa mabowo 8 umawonjezera 150W. Ngati makina anu alibe wayawu, sankhani pakati pa makhadi amene amakhuta ndi kampata kokha: GTX 1050 Ti, mitundu yambiri ya GTX 1650, RX 6400 ya 53W, kapena RTX 3050 ya 6GB imene imadya 70W. Pa gulu limeneli, RTX 3050 ya 6GB ndiyo yamphamvu. RX 6400 imafooka ikaikidwa m'makina akale okhala ndi kampata ka PCIe 3.0, amene ndi ambiri mwa a muofesiwa. Ngati bokosi la kompyuta ndi lopyapyala, funani khadi lolembedwa low profile, apo ayi chivundikiro sichitsekeka.

Ena amaganiza zongosintha power supply. M'makina ambiri a muofesi mapulagi ake ndi a kampani yokhayo, moti ya m'sitolo siilowa. Ena amagula kawaya kotenga magetsi ku pulagi ya SATA n'kupititsa ku khadi. Chonde musatero. Pulagi ya SATA inapangidwira magetsi ochepa a hard drive, ndipo ndaonapo zingapo zitasungunuka mpaka kuda bii.

Amene muli ndi bokosi lalikulu lokhala ndi power supply wamba, mwayi wanu ndi waukulu. RX 6600 ya mu 2021 ili ndi 8GB ndipo imadya 132W. RTX 3060 ya 12GB imadya 170W. RTX 4060 ya mu 2023 imadya 115W yokha. Onsewa amakwanira pa power supply yabwino ya 550W. Ndikuti yabwino, chifukwa pali zina zopanda dzina, zopepuka m'manja, zolembedwa 500W koma zosatha kupereka mphamvu zimenezo. Yotere ikapsa imatha kupita ndi khadi lanu latsopano. Muike mtengo wa power supply m'bajeti kuyambira pachiyambi, ndipo muyeze ndi rula kutalika kwa malo amene khadi likalowe.

Purosesa ndi imene imauza khadi zoti lijambule. Zili ngati kuchigayo: injini ikhale yaikulu bwanji, ngati wothira chimanga akuchedwa, ufa uzituluka pang'onopang'ono. Mutha kudziwa nokha chimene chikuchedwetsa makina anu popanda kulipira munthu. Ikani pulogalamu yaulere ya MSI Afterburner, tsegulani gemu imene imakuvutani, n'kuyang'ana manambala. Khadi likamagwira ntchito pa 95 mpaka 100 peresenti, ndiye kuti lafika pamapeto ndipo latsopano likuthandizani. Likakhala pa 50 peresenti gemu n'kumadodomabe, vuto lili ku purosesa kapena ku RAM. Makina ambiri amene amabwera kwa ine ndi dandaulo la kudukiza amakhala ndi RAM ya 8GB pa kandodo kamodzi. Kuwonjezera kachiwiri kuti ikhale 16GB kumatchipa kwambiri kuposa khadi, ndipo nthawi zina n'kokwanira. Msinkhu wa makina umakhudzanso makhadi a Intel. Arc B580, imene inatuluka mu December 2024 pa mtengo wa madola 249 ndipo ili ndi 12GB, ndi yokopa, koma imadalira luso lotchedwa Resizable BAR, limene limapezeka kuyambira pa mapurosesa a Intel a m'badwo wa 10 ndi a Ryzen 3000. M'makina akale imachita ulesi.

Makhadi onsewa amagulidwa ndi madola, ndipo chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, atsopano sagwirika kwa ambiri. Ndiye tonse timathamangira ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika. Mungodziwa mbiri yawo. Kwa zaka zingapo makhadi ngati RX 580 ndi GTX 1060 ankagulidwa mwaunyinji ndi anthu okumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum, ndipo ankayaka usana ndi usiku. Mu September 2022 Ethereum inasintha kachitidwe kake n'kusiya kufuna makhadi, choncho anakhuthulidwira pa msika. Ambiri akadali ndi moyo, koma mafani awo anatopa ndipo phala lozizilitsa chipu linauma.

Khadi lakale ndimaliyesa motere. Ndisanaliike m'makina ndimalitembenuza n'kuona kumsana kwake ngati pali malo ofiirira chifukwa cha kutentha, dzimbiri, kapena masikuluwu okumbika mitu osonyeza kuti linatsegulidwapo kambiri. Fani iliyonse ndimaizunguza ndi chala. Yabwino imayenda mwakachetechete, yotopa imagwedera kapena kukhwekhwereza. Ndikaliika, ndimatsegula pulogalamu ya GPU-Z kuti indiuze dzina lenileni la chipu. Kenako ndimayatsa pulogalamu ya FurMark kwa mphindi 20 maso ali pa kutentha. Likadutsa madigiri 85, kapena pa sikirini pakayamba kuoneka timadontho tobiriwira ndi mizere yothwanima, kapena sikirini ikada kwa kanthawi, khadilo ndimalibweza. Wogulitsa wokana kuti muyese pamaso pake wakuuzani kale zonse, ndipo musamutumizire ndalama pa foni musanaone katundu.

Achinyengo aliponso. Amatenga khadi la makedzana ngati GTS 450 ya mu 2010, n'kusintha pulogalamu ya mkati mwake kuti kompyuta izilitchula GTX 1050 Ti, kenako n'kuliveka chikuto chonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. GPU-Z imagwira ambiri a makhadi otere, komanso maso anu akhoza: GTX 1050 Ti yeniyeni ilibe pulagi ya VGA, ya mabowo 15 ija. Dziwaninso kuti mu 2025 NVIDIA inasiya kukonzera makhadi a GTX 10 madalaivala a magemu atsopano. Akugwirabe ntchito, koma musawalipire ngati a dzulo. Ngati mukutuma m'bale wa ku Joni kapena ku UK, mulembereni dzina lonse ndi ma GB ake, ndipo akayese asananyamule, chifukwa waranti ya kunja ndi yovuta kuitsatira muli kuno.

Magetsi nawo ndi mbali ya mtengo. RX 580 imadya 185W pamene RTX 4060 imadya 115W. Kusiyana kwa 70W kumeneku, mukamasewera maola anayi patsiku, ndi mayunitsi oposa 8 pamwezi. Kwa amene amadalira inveta kapena sola magetsi akazima, khadi lodya pang'ono limatanthauza batire kukhalitsa. Gulaninso chotetezera magetsi obwera mwamphamvu kapena UPS, ndipo muzipemerera fumbi m'mafani, makamaka kukamatentha mu October.

Mukaika khadi latsopano, chotsani madalaivala akale n'kuika atsopano ochokera ku tsamba la NVIDIA, AMD kapena Intel. Waya wa sikirini muulumikize ku khadilo, osati ku pulagi yakale ya pa motherboard. Ambiri amene amadandaula kuti palibe chasintha amakhala atakodwa pamenepa. Ngati sikirini yanu ndi ya VGA yokha, mufunika kachipangizo kosintha HDMI kukhala VGA. M'gemu, tsitsani mithunzi kuchoka pa Ultra kufika pa Medium, ndipo yatsani FSR ngati ilipo, chifukwa mitundu yake yambiri imagwira pa makhadi a makampani onse ndipo imawonjezera zithunzi pa sekondi osalipira kanthu.

Maganizo anga ndi awa. Wa makina a muofesi agule RTX 3050 ya 6GB, kapena GTX 1650 ngati thumba lachepa. Wa bokosi lalikulu wosewera pa 1080p afune RX 6600, ndipo ngati ndalama zilipo akwere pa RTX 3060 ya 12GB kapena RTX 4060. GT 710 ndi GT 730 si makhadi a magemu, ngakhale atalemba ma GB angati pa katoni. Mukamapita kokagula, tengani pepala lolembapo dzina la purosesa, kuchuluka kwa RAM, mphamvu za power supply ndi kukula kwa sikirini yanu, ndipo musalipire musanayese.