Khadi lakale kapena latsopano: makolo funsani musanatulutse ndalama

Nthawi yogulitsa cimanga kapena yolandira za cilimba ikafika, makolo ambiri muno m'Kanyama amamva pempho limodzi kwa ana ao: "Mutigulire graphics card." Kholo silidziwa kuti cinthuco n'ciani, koma mtengo wake ungameze matumba ambiri a cimanga. Ife amene timalemba maina a ubatizo ndi a ukwati pa kompyuta ya ku parishi timafunsidwa kawirikawiri za nkhaniyi, tsono tiyeni tiikambe poyera.

Graphics card ndi khadi limene amalowetsa m'kati mwa kompyuta kuti lizijambula zonse zimene maso aona pa sikirini. Lili ndi ubongo wakewake, memore yakeyake ndi fani yoliziziritsa. Makampani odziwika kwambiri pa nchitoyi ndi Nvidia, imene inayamba mu 1993 ku America, ndi AMD, imene inagula kampani ya ATI mu 2006.

Coyamba dziwani kuti makompyuta ambiri amatha kujambula okha popanda khadi lapadera. Ngati nchito ndi kulemba makalata, kusunga maina a mamembala a kopaletivu pa nthawi ya feteleza wa FISP, kusindikiza pulogalamu ya maliro kapena kuonera vidiyo, khadi silifunika konse. Kuligula kuli ngati kugula thirakitala yolimira kadimba ka repu kuseri kwa nyumba. Koma mwana amene akonza mavidiyo a maukwati, amene ajambula mapulani a nyumba, kapena amene afuna kutsegula kashopu ka magemu, ameneyo sakunama. Khadi ndilo khasu lake.

Nanga lakale ndi latsopano asiyana bwanji? Tiyeni titenge awiri a banja limodzi. GTX 1060 inatuluka mu 2016 ndi memore ya 6GB, ndipo imadya mawati 120. RTX 4060 inatuluka mu 2023 ndi memore ya 8GB, imadya mawati 115, koma liwiro lake liposa kawiri la mkulu wake uja. Ndiye kuti khadi latsopano ligwira nchito yoculuka pa malaiti ocepa. Vidiyo ya ukwati itha msanga, mwini ukwati saima pakhomo kudikira.

Sitikuti lakale n'lotaya ai. GTX 750 Ti ya mu 2014 imadya mawati 60 cabe, GTX 1050 Ti ya mu 2016 mawati 75, ndipo ambiri mwa makhadi awa safuna nthambo ina ya malaiti. N'cifukwa cake amagwirizana ndi makompyuta a salaula a Dell ndi HP amene anacokera m'maofesi a kunja. Makompyuta otere ali ndi power supply yaing'ono, ndipo ena bokosi lao n'lopapatiza. Khadi lalikulu latsopano mwina silikwanamo, kapena likwana koma kompyuta izizima yokha nchito ikakula. Apa kholo lipeza kuti khadi laitana anzake: power supply yatsopano, bokosi latsopano, mpaka kompyuta yonse.

Tsopano tiwerenge mayunitsi, pakuti apa ndi pamene thumba limalira. RX 580 ya AMD, ya mu 2017, ili ndi memore ya 8GB ndipo yogwiritsidwa kale nchito imapezeka pa mtengo wotsika. Koma imadya mawati 185. Ikagwira nchito yolemetsa maola 8 tsiku lililonse, pa mwezi ndi mayunitsi pafupifupi 44, khadi lokha, osawerenga sikirini ndi zina. RTX 4060 pa maola omwewo ndi mayunitsi pafupifupi 28. Kwa mwana amene ayatsa kompyuta ola limodzi madzulo, kusiyana uku n'kocepa ndipo lakale lim'kwanira. Kwa wa shopu amene ayatsa makompyuta anai kucokera m'mawa mpaka usiku, mayunitsi 16 pa khadi lililonse akhala 64 pa mwezi.

Tonse tikumbukira 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita mpaka maola 21 pa tsiku. Amene anapitiriza nchito ndi aja anali ndi solar ndi batire, ndipo batire limatha msanga ngati khadi n'losusuka. Timve'nso za akuluakulu: RTX 5090 ya mu 2025 imadya mawati 575, ndipo mtengo wake potuluka unali madola 1,999 a ku America. Limenelo tingolichula, si la m'komboni.

Pali nkhani ina imene ogulitsa sakonda kuikamba. Khadi limayenda ndi pulogalamu yake, driver, imene kampani imaikonza nthawi ndi nthawi. Mu October 2025 Nvidia inaleka kutulutsa madriver atsopano a magemu a makhadi monga GTX 750 Ti, 1050 Ti ndi 1060. Inalonjeza cabe zokonza za citetezo mpaka October 2028. Mwezi womwewo, pa 14, Microsoft inathetsa cithandizo ca nthawi zonse ca Windows 10, ndipo makompyuta ambiri opangidwa 2018 isanafike sakwanitsa zimene Windows 11 ifuna. Makhadiwa akali kugwira nchito, koma mapulogalamu atsopano adzayamba kuwakana pang'onopang'ono. Wogula lakale agule podziwa kuti ndi la zaka zowerengeka, ndipo mtengo uonetse zimenezo.

Cenjerani'nso ndi makhadi otopa. Kwa zaka zingapo anthu kunja anali kuyatsa makhadi ambirimbiri usana ndi usiku pofunafuna ndalama ya pa intaneti ya Ethereum. Mu September 2022 njira imeneyo inatsekedwa, ndipo makhadi aja anathiridwa pa msika wa dziko lonse, RX 580 ili pakati pao. Ena amawapukuta n'kuwaika m'bokosi lonyezimira. Akulu anati cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Aliko'nso makhadi abodza, akale amene anawasintha dzina kuti aoneke amphamvu.

Cotero mukapita m'tauni, kaya ku Katondo Street kaya ku Cairo Road, musagule khadi lili m'manja. Tengani wina wodziwa. Aliike m'kompyuta muli pomwepo, ayatse gemu kapena vidiyo yolemetsa kwa theka la ola. Yang'anani ngati pa sikirini pabwera timizere kapena timadontho, mvetserani ngati fani ikukhula, ndipo atsegule pulogalamu yaulere ya GPU-Z kuti muone dzina ndi memore ya khadi. Wogulitsa alembe pa lisiti masiku amene mungalibweze. Akakana, pitani pa shopu ina.

Mukafika nalo kunyumba, kumbukirani kumene tikhala. Fumbi la August ndi September limatseka fani, khadi n'kutentha. Liuzireni mpweya kompyuta ili yozima. M'dzinja madzi a Kanyama amalowa m'nyumba osagogoda, conco kompyuta ikhale pa tebulo, osati pansi. Malaiti akapita zulani pulagi, mubwezere patapita mphindi zingapo atabwera.