Pikiapu ya petulo ndi kalavani yolemera m'zitunda za Dedza

DEDZA: Galimoto ya pikiapu yoyendera petulo imene imakoka kalavani yolemera popanda vuto mumzinda wa Lilongwe ikhoza kulemedwa ndi katundu yemweyo ikafika m'zitunda za boma la Dedza, ngakhale injini yake ili yabwinobwino.

Nkhaniyi ikukhudza maofesi a boma amene amatumiza mapikiapu kumidzi atakoka matanki a madzi kapena majenereta, amalonda a mbatata ya kachewere a ku Bembeke, komanso alendo okoka makalavani ogonamo amene amalowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Dedza kuchokera ku Mozambique.

Gwero la vutoli ndi mpweya. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050. Malo akamakwera, mpweya umapepuka, ndipo injini imene ilibe turbo imakoka mpweya wochepa woyatsira mafuta. Injini yotere imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse amene galimoto yakwera. Motero pofika pa Dedza imakhala itataya pafupifupi 15 peresenti ya mphamvu imene yalembedwa m'buku la galimotoyo. Injini ya dizilo yokhala ndi turbo sitaya yochuluka chotero chifukwa turbo imakankhira mpweya m'injini.

Kusiyana kwina kuli pa kakokedwe. Injini ya petulo ya malita 2.7 ya Toyota Hilux imafika pachimake pa mphamvu yokokera, pafupifupi 245 Nm, ikamazungulira maulendo pafupifupi 4,000 pa mphindi. Inzake ya dizilo ya malita 2.8 imapitirira 400 Nm isanafike n'komwe maulendo 2,000. Tanthauzo lake n'lakuti dalaivala wa pikiapu ya petulo ayenera kukwera chitunda pa giya yachiwiri kapena yachitatu injini ikulira kwambiri. Bwana amene wakhala pambali pake asaganize kuti galimoto ikuzunzidwa. Chimene chimawononga ndicho kuumirira giya yaikulu injini ikutsamwa, kapena kuponda kilachi mwatheka poyesa kudzuka pakati pa chitunda.

Kampani ya Ford, m'mabuku ake a malangizo okokera makalavani, imalangiza kuchepetsa kulemera kwa galimoto ndi kalavani pamodzi ndi 2 peresenti pa mamita 300 alionse. Kwa Dedza, uku ndi kuchotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi.

Mafuta nawo amatha msanga. Petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga, ndipo lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi lita ya petulo. Mkulu woona za kayendedwe ka galimoto amene awerengera mafuta a ulendo wokoka kalavani potengera mmene galimotoyo imamwera ikakhala yopanda kanthu, adzamva kuti dalaivala waima panjira, ndipo mwina adzamuganizira kuti wagulitsa mafuta.

Ku America, komwe anthu amakoka nyumba zoyenda zazikulu ndi mapikiapu, makalavani olemera kwambiri samangidwa pa kachitsulo kozungulira ka kumbuyo kwa galimoto. Amakolekedwa pa chimbale chachitsulo chotchedwa fifth wheel, chomwe chimakhomedwa m'bokosi la pikiapu pamwamba pa matayala akumbuyo. Chimbalecho n'chofanana ndi chimene chili pa mathiraki amene amandanda pa chipata cha Dedza, kungoti n'chaching'ono. Kalavani yomangidwa motere siyendera mbali kawirikawiri, koma imatsamiritsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake pa galimoto yokokayo. Kalavani ya makilogalamu 3,000 imaika makilogalamu 600 m'bokosi la pikiapu imene malire ake onyamula ali pafupifupi tani imodzi, anthu okwera ndi zikwama zawo asanawerengedwe.

Makalavani otere sapezeka wambawamba m'misewu ya Malawi, koma masamu ake akugwira ntchito kuno. Pali malire atatu oyenera kuwayang'ana: kulemera kwa kalavani, katundu amene pikiapu ingasenze payokha, ndi kulemera kwa zonse pamodzi. Kawirikawiri malire amene amaphwanyidwa koyamba ndi achiwiriwo, popeza bokosi limakhala litadzaza kale ndi matumba pamene kalavani ikumangidwa. Pa kalavani wamba, kulemera kotsamira pa kachitsulo kokokera kuyenera kukhala pafupifupi 10 peresenti ya kulemera kwake. Katundu akachuluka kumbuyo kwa matayala a kalavani, imayamba kuvina uku ndi uku galimoto ikathamanga.

Thanki ya madzi ndiyo imanamiza ambiri. Malita 2,000 ndi makilogalamu 2,000, thankiyo ndi matayala ake osawerengera. Ikakhala yosadzaza, madzi amakhavukira kutsogolo dalaivala akaponda buleki, n'kukankha galimoto pa nthawi imene akufuna kuima.

Komabe chitunda chimangochedwetsa ulendo. Ngozi yeniyeni ili potsika. Msewu wochoka pa Masasa pa M1 kupita ku Golomoti umatsika mamita pafupifupi 1,000 m'makona a Khwekhwelere. Dalaivala akatsika ataponda buleki njira yonse, mabuleki amatentha mpaka kuleka kugwira, ndipo mafuta a mabuleki amene akhalitsa n'kuyamwa chinyezi amawira, chopondera n'kungolowa pansi. Apa pikiapu ya petulo ili ndi mwayi wake: phazi likachoka pa chopondera mafuta, injini imagwira galimoto bwino ngati ili pa giya yaing'ono. Giyayo iyenera kulowetsedwa pamwamba pa mtsetse, liwiro lisanachuluke, ndipo mabuleki azipondedwa mwamphamvu kwa kanthawi kochepa n'kuwasiya kuti azizire. Chizolowezi chotsika galimoto ili pa fulii pofuna kusunga mafuta chimachotsa chitetezo chimenechi kotheratu.

Opanga mapikiapu ambiri salola kukoka kalavani yopanda mabuleki akeake ikapitirira makilogalamu 750. Makalavani ambiri owotcheredwa m'magalaja a m'matauni alibe mabuleki, ndipo matumba 15 okha a makilogalamu 50 afika kale pa malirewo kalavaniyo isanayezedwe. Matumba a kachewere osokerera pamwamba amalemera kuposa pamenepo.

Malire omwewa ali pa chiphaso choyendetsera galimoto. Pa ndondomeko ya maiko a SADC imene nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS imatsata, chiphaso cha B chimalola kukoka kalavani yosapitirira makilogalamu 750, ndipo yoposa apo imafuna chiphaso cha EB. Ofesala wosaina chilolezo cha ulendo ayenera kuona chiphaso cha dalaivala, kulemera kolembedwa pa kalavani, matayala, unyolo wotetezera ndi magetsi akumbuyo, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene nkhungu imaphimba msewu wa M1 m'dera la Dedza ndi Bembeke.