Adakana kukhuza maliro a sewero lawo

Pa 20 December 2002, wailesi ya kanema ya Fox ku America idaonetsa gawo loyamba la sewero lotchedwa Firefly. Simunawerenge molakwika: gawo loyamba lidaonetsedwa tsiku lomaliza, zitamveka kale kuti seweroli latha. Akuluakulu a wailesiyo adali ataona kuti gawoli, lomwe lidali la maola awiri ndipo limafotokoza anthu a m'nkhaniyo mmodzimmodzi, likuchedwa kufika pa ndewu ndi mfuti. Adaliika pambali n'kuyamba ndi lina pa 20 September. Kuchokera apo magawo ankabwera mosatsata ndondomeko yake, masabata ena osabwera n'komwe chifukwa cha masewero a baseball. Tsiku lake lidalinso Lachisanu usiku, nthawi imene achinyamata ambiri kumeneko sakhala pakhomo. Mwa magawo 14 amene adajambulidwa, Fox idaonetsa 11 okha.

Zimenezi sizachilendo. Ku America masewero a pakanema amafa chaka ndi chaka ngati nkhuku za chitopa. Wailesi zimadya kuchokera kwa otsatsa malonda, otsatsa malonda amafuna maso ambiri, ndipo kampani ya Nielsen ndiyo imawerenga masowo. Akachepa, nkhani imadulidwa pamene yafikapo, kaya wina adali pakati pofunsira mbeta. Chachilendo ndi zimene oonera ochepa aja adachita pambuyo pake.

Koma poyamba, seweroli limati chiyani? Mlembi wake, Joss Whedon, adaika nkhaniyi m'chaka cha 2517, anthu atasamukira ku maiko ena a mumlengalenga. Anthu 9 akukhala m'chombo chakutha chotchedwa Serenity. Mtsogoleri wawo, Malcolm Reynolds, yemwe mbali yake ankasewera ndi Nathan Fillion, ndi msilikali amene adagonja pankhondo yolimbana ndi boma lalikulu lotchedwa Alliance. Tsopano amangoyendera maganyu. Ali ngati mwini lole amene amanyamula chilichonse bola alipidwe: lero katundu wozembetsa, mawa ng'ombe zenizeni zamoyo m'chombo cha mumlengalenga. Muli wachiwiri wake Zoe ndi mwamuna wake Wash, yemwe ndi woyendetsa chombo. Muli makaniko wachitsikana Kaylee, m'busa wokalamba Book amene mbiri yake ndi yobisika, komanso dokotala Simon amene akubisa mlongo wake River, mtsikana yemwe boma lidamusokoneza ubongo. Amakwera akavalo, amawombera mfuti za makedzana, ndipo akapsa mtima amatukwana m'Chitchaina.

Chimene chidagwira anthu mtima si mfutizo ayi. Lidali tebulo la kukhitchini ya chombocho, pamene anthu osakhala pachibale ankadyera pamodzi, kusekana, kukangana za ndalama n'kudzagwirizananso. Woonera ankamva ngati naye ali ndi mpando pamenepo.

Okonda seweroli adadzitcha Browncoats, kutengera majasi abulauni a asilikali ogonja aja. Dzinalo lidawakhala bwino, poti nawonso adali atagonja. Adasonkha ndalama n'kugula malo olengezera m'nyuzipepala ya Variety, imene akuluakulu a ku Hollywood amawerenga. Adatumiza makadi ku wailesi ina ya UPN kuipempha kuti itole mwana wamasiyeyu. Palibe chidaphula kanthu.

Chidawapulumutsa ndi DVD. Mu December 2003 magawo onse 14 adatuluka m'bokosi limodzi, m'ndondomeko yake yoyenera, ndipo adayenda malonda modabwitsa. Apa pali kusiyana kumene kuli phata la nkhani yonseyi. Wailesi imawerenga mitu ya anthu: amene wangosiya kanema ikuyankhula yekha akutsuka mbale ndi amene akulira misozi pampando, onse ndi mutu umodziumodzi. DVD imawerenga anthu amene apisa m'thumba. Ambiri mwa ma Browncoats sankagula bokosi limodzi lokha. Ankagula lina lobwereketsa, n'kumalizunguza kwa anzawo a kuntchito ndi achibale ngati mlaliki wa khomo ndi khomo, ndipo wobwerekayo akakodwa ankakagula lake. Kampani ya Universal Pictures idaona kuti pali msika, ndipo mu 2004 idavomera kupanga filimu yotchedwa Serenity ndi ndalama pafupifupi $39 miliyoni. Whedon adalemba n'kuitsogolera yekha. Ochita zisudzo onse 9 adabwerera.

Apa ndiye padayambira kudikira. Filimuyi idayenera kutuluka mu April 2005, koma idasunthidwa kufika pa 30 September. Miyezi isanu yoonjezera si kanthu kwa munthu wamba, koma kwa amene wadikira kuyambira 2002 idali ngati mvula yochedwa mbewu ili kale m'nthaka. Pofuna kuti moto usazime, Universal idayamba mu May kuonetsa filimuyo isanamalizidwe kwenikweni m'mizinda yowerengeka, ndipo matikiti ankatha atangoyamba kugulitsidwa. Filimu isanayambe, pankabwera uthenga wa Whedon wothokoza oonerawo ndi kuwapempha kuti akauze anzawo. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo Twitter kudalibe, Facebook idali ya ana asukulu okha, YouTube idali khanda la miyezi. Nkhani inkayenda pakamwa ndi pa masamba a pa intaneti amene okondawo ankayendetsa okha. Chakumapeto kudatulukanso timakanema tifupitifupi toonetsa River akufunsidwa mafunso ndi amene adamuzunza, tofalitsidwa ngati tabedwa kwinakwake, ndipo anthu ankatumizirana.

Kodi ankadikira chiyani kwenikweni? Mayankho, inde. Boma lidamuchita chiyani River? Nanga anthu olusa odya anzawo aja, ma Reavers, adachokera kuti? M'busa Book adali ndani asanavale kolala? Kodi Malcolm ndi Inara, amene amakondana koma osafuna kuvomera, adzafika pati? Ankadikiranso kungoona nkhope zija pamodzi. Koma ndikamaiona nkhaniyi, cholemera kwambiri chidali china. Ankafuna kuti dziko liwavomereze kuti sadalakwitse. Filimuyi ikadapanga phindu lalikulu, Fox ikadachita manyazi, ndipo pakadabwera yachiwiri ndi yachitatu, mwinanso sewero lenilenilo n'kubwerera pakanema. Choncho aliyense wa iwo adasanduka wotsatsa malonda wosalipidwa. Filimu ya maola awiri idasenzetsedwa mlandu wa zaka zitatu.

Tsiku lidafika. Kumathero a sabata yoyamba Serenity idapeza pafupifupi $10 miliyoni ku America, n'kukhala yachiwiri pambuyo pa Flightplan ya Jodie Foster. Pomaliza penipeni, padziko lonse idapeza ndalama zongoyandikira zimene idadya poipanga. Munthu angati bola sadaluze, koma masamu ake sayenda choncho. Eni nyumba zoonetsera mafilimu amatsala ndi gawo lalikulu la ndalama za matikiti, kawirikawiri pafupifupi theka, ndipo ndalama zotsatsira siziwerengedwa pa $39 miliyoni ija. Filimu yachiwiri sidapangidwe.

Sikuti idali filimu yoipa. Olemba ndemanga m'manyuzipepala ambiri adaiyamikira, mu 2006 idapata mphoto ya Hugo, ndipo Chiwetel Ejiofor, mwana wa ku London wa makolo a ku Nigeria, adasewera mbali ya kazembe wa boma wopha anthu mwaulemu m'njira yoti sungamuiwale. Vuto lidali chiwerengero. Achule khumi m'dambo usiku amamveka ngati chikwi. Anthu okonda chinthu ndi mtima wonse akamakumana okhaokha, kulemberana okhaokha, kudzaza holo imodzi mumzinda uliwonse, amayamba kukhulupirira kuti dziko lonse lili nawo. Munthu wamba wa ku Ohio amene adaona chikwangwani cha filimuyi sadaonepo dzina lililonse lalikulu limene amalidziwa, ndipo adamva kuti idachokera ku sewero limene iye sadaonereko. Adakalowa chitseko china.

Ndiye pali zimene zidachitika m'filimu mwenimwenimo. Papita zaka zambiri, choncho sindikuululira munthu chinsinsi. Anthu awiri mwa 9 aja amafa. M'busa Book amaphedwa chapakati, mbiri yake isanaululidwe. Idadzatuluka mu 2010 m'buku la zithunzi. Wash, woyendetsa chombo wanthabwala uja, amafa mwadzidzidzi atangotsitsa chombo bwinobwino pakati pa nkhondo, mawu ali m'kamwa, mkazi wake ali pambali. Anthu amene adalemba makalata, kusonkha ndalama ndi kudikira zaka zitatu adapatsidwa maliro awiri. Walira mvula walira matope.

Ena amamuda Whedon mpaka lero chifukwa cha imfa ya Wash. Ine ndimaona kuti mlembi adachita zimene filimu imafuna. Pofika pankhondo yomaliza, woonera ayenera kuopa kuti aliyense angathe kufa, apo ayi palibe chomugwira pampando. Koma apa pomwe ndi pamene pali kusamvana pakati pa chimene anthu ankadikira ndi chimene akadalandira. Sewero la sabata ndi sabata lili ngati mnansi amene amabwera kudzapala moto. Safunika kubwera ndi nkhani yaikulu. Mumamukonda chifukwa amabwera, ndipo mawa adzabweranso. Aliyense amene adatsatirapo sewero la pa wailesi madzulo, banja lonse litazungulira kawailesi kamodzi, akudziwa kuti gawo limene sipachitika kanthu nthawi zina ndi limene limakoma. Filimu ndi mlendo wa tsiku limodzi. Mumamuphera nkhuku, amakamba zikuluzikulu zokhazokha, dzuwa likapendeka n'kutsazika. Mu Serenity muli kuthamangitsana, muli chinsinsi chachikulu cha dziko lotchedwa Miranda, muli nkhondo ya zombo zambirimbiri. Tebulo la kukhitchini lija silipeza nthawi yokwanira.

Chimene chimalimbitsa mtima anthu onse otere ndi Star Trek. Wailesi ya NBC idaithetsa mu 1969 itaonetsedwa zaka zitatu, koma idapitiriza kubwerezedwa pa mawailesi ang'onoang'ono, okonda ake n'kumachuluka, mpaka mu 1979 idabwerera ngati filimu ndipo sidaimenso. Gulu lililonse limene sewero lake ladulidwa limaganiza kuti lawo ndiye Star Trek yachiwiri.

Okonda Veronica Mars, sewero la mtsikana wofufuza milandu lomwe lidathetsedwa mu 2007, adapita patsogolo kuposa ma Browncoats. Mu March 2013 mlembi wake Rob Thomas ndi Kristen Bell, amene ankasewera mbali ya Veronica, adapempha anthu pa Kickstarter kuti asonkhe $2 miliyoni ya filimu. Idakwana tsiku lisanathe. Pomaliza anthu oposa 91,000 adapereka $5.7 miliyoni, ndipo filimu idatuluka mu March 2014. Ndi nkhani yokoma, koma ili ndi kachiwawa kake. Mwini wa Veronica Mars ndi Warner Bros., imodzi mwa makampani akuluakulu a mafilimu padziko. Osonkha aja adalandira malaya, zikwangwani ndi kope la filimuyo malinga ndi zimene munthu adapereka, koma phindu silidali lawo. Adalima munda wa eni ake ndi mbewu yawoyawo. Ndalamazo ndi zawo, koma sindikhulupirira kuti kampani yolemera choncho idayenera kudikira mbale ya chopereka. Seweroli litabwereranso pa Hulu mu 2019, mlembi adapha Logan, mwamuna amene ambiri a iwo ankamukonda, patangopita nthawi yochepa atakwatirana ndi Veronica. Amene adalipira kuti nkhani idzuke adazindikira kuti cholembera chidakali m'manja mwa wina.

Ma Browncoats sadabalalike. Mu 2006 adayamba kukonza zoonetsa Serenity m'mizinda yosiyanasiyana chaka ndi chaka, ndalama zake n'kumapita ku bungwe la Equality Now lomenyera ufulu wa amayi ndi atsikana. Ochita zisudzo aja adapeza ntchito zina. Fillion adakhala zaka zambiri mu Castle, Gina Torres amene adali Zoe adatchuka mu Suits. Ron Glass, m'busa Book uja, adamwalira mu November 2016. Ndipo mu June 2007, Steven Swanson wa ku NASA, yemwe naye amakonda seweroli, adakwera chombo cha Atlantis atatenga ma DVD a Firefly ndi Serenity, n'kukawasiya pa siteshoni ya mumlengalenga ya International Space Station, yomwe imazungulira dziko lapansi kamodzi pa mphindi pafupifupi 90 zilizonse.